Chishalo Chokhota

Njinga yatsopanoyo ndinakaitenga kwa Gosse Lolemba m'mawa, mphepo ikuwomba kuchokera kunyanja monga mwa masiku onse. Sinali yanga. Gosse, amene amagulitsa ndi kukonza njinga m'mudzi mwathu, anandibwereka kuti ndiiyese mpaka Loweruka. Mwana wanga Douwe anachita kubwera kuchokera ku Leeuwarden kudzaonerera, ndipo mawu ake anawanenera pamaso pa Gosse kuti pakhale mboni.

"Amayi, tamvana eti? Ikakukanani pofika Loweruka, ibwerera m'sitolo momwemuno. Kwa abambo ndizikupititsani ndine pa galimoto, Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi."

"Lamulungu lokha?"

"Masiku enawo ndimagwira ntchito, mukudziwa."

Ndinkadziwadi. 

Amuna anga, a Tjerk, ali ku nyumba yosungirako okalamba ku Dokkum chiyambire nyengo yokumba mbatatesi. Matenda oiwala anawayamba pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina anapezeka ataima pa mlatho wa ngalande atavala zogonera, akufunsa anthu njira ya kwawo. Dzina langa analitaya kalekale. Koma ndikalowa m'chipinda chochezera masana, ankadzutsa mutu n'kunena kuti, "Wabwera." Mawu amenewo basi, ndipo ine ankandikwanira. Namwino wina anandiuza mosabisa kuti nkhope imene amaiona tsiku ndi tsiku ndi imene imachedwa kufufutika. Basi inasiya kudutsa kwathu zaka zapitazo. Choncho ndinkapalasa tsiku lililonse, kupita ndi kubwera.

Njinga yanga yakale inalibe vuto. Vuto linali pakati pa ine ndi mphepo. Moyo wathu wonse wa m'banja a Tjerk ankapalasa kumanzere kwanga, mbali ya magalimoto, dzanja lawo lamanja lili pamsana panga. Kunyumba anali munthu wosalankhula. Ankadya, kuthokoza Mulungu, n'kutuluka. Nkhani zawo zonse zinkatuluka pa njinga, motsitsa mawu, moti ndinkachita kutchera khutu kuti mphepo isandilande. Sindinadziwe kuti mphepo ya pa mtumbira wotchinga nyanja ndi yolemera chomwecho mpaka dzanja lija litachoka. Tsiku lina miyendo inandithera pakati pa njira. Ndinatsika, ndinaima pakati pa nkhosa, kenako ndinabwerera kunyumba ndikukankha njinga. Ndi pamene Douwe anayamba kunena za galimoto, ine n'kumanena za njinga ya batire.

Gosse ndinamuphunzitsa ku Sande sukulu ali kamnyamata kosamva. Tsopano ali ndi imvi ndi mimba, koma pakamwa sipanasinthe. Anaika chidutswa cha katoni pa kabenchi n'kuchimenya ndi chikhatho.

"Khalani apa, mayi Feenstra."

"Pa katoni?"

"Eya. Tiyeze mafupa anu okhalira, tidziwe chishalo chokuyenerani."

"Iwe Gosse, ndinkakupukuta mamina ine. Lero ukufuna kuyeza chiyani?"

"Ine sindiyang'ana, mayi, ayang'ane ndi katoniyu. Abusa omwe anakhalapo pamenepa. Kungoti iwowo tinachita kuwapezera katoni wa firiji."

Douwe anaseka mpaka kutsokomola. Ndinakhala, ndinadzuka, ndipo Gosse anayeza timaenje tiwiri timene ndinasiya pa katoniyo atatembenukira kukhoma, ngati akuwerenga za eni. Ndinamuthokoza mumtima chifukwa cha kutembenukako. Kenako anatenga chishalo chachikasu chowala ngati mkati mwa dzira n'kuchimanga pa njinga.

"Chachikasu? Ndizidutsa nacho pa tchalitchi chimenechi?"

"Zoyesera zonse n'zachikasu. Zikanakhala zokongola anthu a kuno sakanazibweza. Mukachikonda ndikupatsani chakuda, chopemphera."

Anachiongola bwinobwino, diso limodzi atatsinzina, kuti mphuno yake ilozane ndi tayala lakutsogolo. Douwe anandipsompsona pa tsaya, nandiuza kuti ndisathamange, n'kupita.

Sindibisa, poyamba ndinasangalala. Nditangoponda chopalasira, njinga inanyamuka yokha ngati hatchi yomva kulira kwa zinzake. Ndinadutsa pa bekale, pa manda, n'kukwera mtumbira osapuma movutikira. Mphepo inali pomwepo, ikukoka mpango wanga, koma sinandiletse. Nkhosa zinkangoona. Ndinati, Ambuye, zikomo chifukwa cha anthu amene anaganiza zopanga chinthu chotere. Kenako ndinachita manyazi kuti ndikusangalala ndekha pa njira imeneyi.

Ululu unayamba nditadutsa famu ya nkhokwe zofiira. Unali mkati mwa ntchafu yamanja, kumtunda, malo amene mayi wa msinkhu wanga satchula. Poyamba kunali kutentha chabe, kenako ngati munthu akupala ndi mpeni wobuntha. Ndinasuntha kumbuyo, ndinasuntha kutsogolo, ndinaimirira pa zopalasira ngati mwana wa sukulu. Ndinafika ku Dokkum nditaluma mlomo.

A Tjerk anali pa mpando wawo wa pawindo.

"Wabwera," anatero.

Ndinakhala m'mphepete mwa mpando mpaka nthawi yobwerera itakwana.

Lachiwiri ndinabwerera kwa Gosse. Anandifunsa kuti chikupweteka pati, ine ndinati chikungopweteka. Anandiyang'ana, nayang'ana pansi, ndipo sanafunsenso. Anandimangira china, chachikulu ngati mpando wa m'balaza, cha masipuling'i pansi.

"Ichi ndiye cha mfumukazi. Chikakukanani ichi, tikumangirani sofa."

Chinandikana kuposa choyamba. Tsiku limenelo ndinafika ku Dokkum mochedwa, khofi atamwa kale, ndipo a Tjerk anandiyang'ana kanthawi ndithu asananene mawu awo aja. Pobwerera ndinakankha njinga mtunda wautali. Nditavula kunyumba ndinapeza khungu litasupuka, magazi atamatirira ku nsalu.

Lachitatu ndi Lachinayi sindinapite. Sindikanatha kukhala ngakhale pa mpando wa kukhitchini. Ndinkadya nditaimirira, kupemphera nditaimirira, n'kumayang'ana wotchi ikamafika nthawi imene ndimalowa m'chipinda chochezera chija. Ndinaganiza zoimbira Douwe kuti andipititse, koma ndinadziwa kuti ndikatero ndamupatsa yankho la Loweruka. Ndinkati, Ambuye, muwasungire nkhope yanga masiku awiri okhawa. Pa moyo wanga ndapempha zinthu zambiri zopanda pake, ndipo zina munandipatsa. Ichi chokha.

Lachitatu madzulo ndinamva kuti pakhomo pagwa kanthu. Nditatsegula ndinapeza kachitini ka mafuta amene alimi amapaka mabere a ng'ombe akang'aluka. Wytske, mkazi wa mlimi woyandikana nafe, anali atafika kale pa geti lake, akuyenda mofulumira osacheuka. Ayenera kuti anandiona mmene ndinkayendera pobwera Lachiwiri. Mpaka lero sitinakambiranepo za kachitini kameneko. Mafutawo anathandiza.

Lachisanu m'mawa ndinakankha njinga kupita nayo kwa Gosse kuti ndikaibweze. Ndinaiimika pakhomo la sitolo n'kuika kiyi pa tebulo lake.

"Loweruka ndi mawa, mayi."

"Ndikudziwa kuwerenga masiku. Yandikana."

"Njinga kapena chishalo?"

"Zonse ndi chimodzimodzi. Munthu sapalasa ataimirira mpaka ku Dokkum."

Gosse anapukuta manja pa nsanza. Kenako anatembenuza chikwangwani cha pachitseko kuti chinene kuti watseka, natulutsa njinga yake.

"Mungapirire mpaka pa mtumbira? Pang'onopang'ono. Ine ndizibwera pambuyo. Sindiyang'ana zina, ndikulumbira, ndiyang'ana kapalasidwe basi."

"Usalumbire."

"Pepani, aphunzitsi."

Anabwezerapo chishalo choyamba chija, ndipo tinanyamuka, ine patsogolo, iye pambuyo, unyolo wa njinga yake ukulira ngati wa munthu amene sakonza njinga. Tinadutsa pa bekale ndi pa manda. Titakwera mtumbira anaimba belu.

"Taimani kaye, mayi."

Ndinaima. Anafika pafupi akupuma mwamphamvu.

"Njira yonseyi ndi yanu, kulibe munthu kutsogolo, kulibe kumbuyo kupatula chimimba changachi. Nanga bwanji mukupalasa m'mphepete mwa udzu? Malo onsewa mukusiyira ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Tayala langa linali pa mzere weniweni pamene phula limathera. Kumanzere kwanga kunali malo okwanira njinga ina.

Gosse anazindikira chimene wafunsa mawu atatuluka kale. Makutu ake anafiira. Anayang'ana nkhosa.

"Si zokhazo," anatero motsitsa. "Simukhala molunjika. Mapewa anu, chiuno, zonse zimapenyera kumanzere. Njinga ikupita ku Dokkum, inu mukupita kunyanja. Ndiye mphuno ya chishalo izikupalani mwendo wamanja, kaya chishalocho n'cha golide." Anaima kaye. Kenako anadzimenya pachipumi. "Mayo ine. Tiyeni tibwerere. Pali chimene ndikufuna ndikaone."

Njinga yanga yakale, imene ndinaisiya kwa Gosse Lolemba, inali kuseri kwa sitolo, pakati pa zina zodikira ogula, mvula itaigwera. Gosse anaiimika mowongoka, naima kumbuyo kwake, n'kundiitana kuti ndidzaime pamene waima iye. Chishalo chake chachikopa sichinalozane ndi tayala. Mphuno yake inakhotera kumanzere, pang'ono pokha, ngati mutu wa munthu amene akumvetsera.

"Ndakhalapo zaka zonsezi, sindinaonepo," ndinatero.

"Muona bwanji muli pamwamba pake? Ine ndinkaona." Anagwada, napukuta chitsulo chimene chimanyamula chishalo ndi chala chachikulu. "Taonani apa."

Panali kamzere kakang'ono kopalidwa ndi tupa pa chitsulocho, ndi kena pansi pake, pa thupi la njinga. Timizere tiwirito tinakumana ndendende.

"Chaka chilichonse a Tjerk ankabwera nayo njingayi kuti ndiithire mafuta," anatero Gosse, akadali chogwada. "Chaka chilichonse ndinkapeza chishalo chakhota. Ndinkachiongola, osanena kanthu. Chaka chotsatira chabweranso chokhota. Ine ndinkati mayi Feenstra amagwa nayo njinga, ndipo bambo akuwabisira manyazi. Ndiye munthu ungafunse bwanji? Kumangoongola. Osadziwa kuti akafika kunyumba ankatenga sipanala n'kubwezera pa mzere wawo. Ndipo iwonso osandiuza kuti, iwe chitsiru, siya chishalo cha mkazi wanga. Ankangolipira n'kunena kuti zikomo."

Ndinakumbukira kuti akabwera kuchokera kwa Gosse ankalowa kaye m'shedi ndi njinga yanga, n'kutseka chitseko. Ndinkaganiza kuti akuona ngati Gosse wagwira ntchito yoyenera ndalama zawo. Ndinkawanena kuti ndi okayikira anthu.

Sindinalire pamenepo. Ndinagwira chikopa chonyowacho ndi dzanja, ndipo Gosse anapita kukafuna sipanala kwa nthawi yaitali kuposa imene munthu amafunira sipanala m'sitolo yake yomwe.

Atabwera anati, "Pali chinanso, ndipo mundikalipire ngati kale. Douwe atandifunsa ngati mungathe kupalasa nokha, ndinamuuza kuti mwakhala mukugwa kwa zaka zambiri. Ndinati ndili ndi umboni."

"Ndiye chifukwa chake mwanayu akuumirira za galimoto."

"Eya. Ndimuimbira lero lomwe ndimuuze kuti Gosse ndi mbuzi."

"Umuuze kuti unalakwitsa. Za mbuzizo akudziwa kale."

Anaseka pang'ono, koma nkhope inabwerera msanga. Anakankhira njinga yatsopano pakati pa sitolo n'kumasula bawuti ya pansi pa chishalo chachikasu. Chinayamba kuzungulira momasuka m'dzanja lake.

"Tsopano mverani, mayi. Njira zilipo ziwiri. Ndikhoza kuchisiya cholunjika, inu n'kuphunzira kukhala molunjika. Zitenga milungu, mwina mpaka dzinja litatha, koma thupi limaphunzira. Ndipo n'zimene ndingakulangizeni, chifukwa njinga iyi imathamanga, imafuna munthu woyang'ana kutsogolo. Kapena ndichikhotetse monga ankachitira bambo. Chipweteko chitha lero. Koma ndiye kuti muzipalasa chomwecho mpaka kalekale, mutapenyera kumene kulibe munthu."

Ndinadziwa kuti akunena zoona. Mwina mkazi wanzeru akanasankha kuphunzira. Koma ine milungu ndinalibe. Masiku awiri anali atapita kale.

"Khotetsa."

"Mwatsimikiza?"

"Iwe Gosse, unayamba liti kufunsa kawiri?"

Anapita kuseri kukayang'ananso njinga yakale, nabwera, nakhotetsa, napitanso, nabwera. Atakhutira anamanga bawuti. Kenako anatenga tupa pa tebulo n'kundiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anapala kamzere pa chitsulo chatsopano chonyezimiracho, ndi kena pansi pake.

"Njinga yopalidwa sibwezedwa," anatero. "Douwe afune asafune, yagulidwa."

"Nanga chakuda chija?"

"Mawa. Lero pitani ndi chachikasu chomwechi, nthawi yatha."

Ndinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Chilonda chinali chikadalipo, ndipo ndinkachimva, koma palibe chimene chinkachikhudza. Ndinakwera mtumbira ndikudikira kuti ululu uyambe. Ndinadutsa famu ya nkhokwe zofiira ndikudikirabe. Sunabwere. Ndinakhala pa chishalocho ngati mmene munthu amakhalira pa mpando wake wa m'tchalitchi, osaganiza za mpando. Pamenepo ndi pamene misozi inatuluka, ndipo mphepo inkaipititsa m'makutu. Kangapo ndinadzikumbutsa kuyang'ana kutsogolo, monga ananenera Gosse. Mnyamata wina wothamanga pa njinga yopyapyala anandidutsa kumanzere, m'malo aja, ndipo podutsa anakweza chala kundipatsa moni. Ndinamuyankha.

Ndinafika ku Dokkum akuthira khofi. Namwino anandimwetulira pakhomo n'kundilandira chikhoti. A Tjerk anali pa mpando wa pawindo, atavala juzi yobiriwira imene si yawo, tsitsi litapesedwa mbali yolakwika. Ndinaima patsogolo pawo.

Anadzutsa mutu. Anandiyang'ana bwinobwino, kuyambira kunkhope mpaka ku nsapato, mwaulemu.

"Mukufuna ndani, mayi?"

Ndinadikira. Nthawi zina mawu amachedwa. Ndinavula mpango kuti aone tsitsi langa, ndinasuntha kuti kuwala kwa pawindo kundigwere kumaso.

"Ndine Jeltsje," ndinatero.

"Zikomo," anatero. "Ine ndine Feenstra. Khalani, musaimirire. Mwachokera kutali?"

"Kutali pang'ono."

"Pa njinga? Ndi mphepo imeneyi?" Anapukusa mutu. "Mwalimba mtima."

Ndinakhala. Namwino anabweretsa makapu awiri, iliyonse ndi bisiketi yake imodzi pa kambale, ndipo pondipatsa yanga anandigwira paphewa. Sindikudziwa ngati anali masiku awiri aja, kapena zikanachitikabe. Ndafunsa Ambuye, sanandiyankhe, ndipo mwina ndi chifundo chawo.

A Tjerk anatsinzina n'kupinda manja asanakhudze kapu, monga ankachitira ngakhale pa chakudya chochepa. Ndinapinda anga. Atatsegula maso anayang'ana kambale kawo, nayang'ana kanga. Kenako anatola bisiketi yawo n'kuiika pambali pa yanga.

"Idyani inu. Muli ndi ulendo wobwerera."

Ndinadya zonse ziwiri, iwo akuyang'ana kuti ndimalize.

Potuluka ndinamuuza namwino kuti mawa ndibwera nthawi yomweyi.